Makolo akubwera ku Cape Town: ku Franschhoek tikawaonetse chiyani poti bambo samwa?

MwanaWaKuNkhoma
Moni nonse pagulu pano. Bambo ndi mayi anga akubwera kudzationa kumapeto kwa Febuluwale, ndipo aka ndi koyamba chibadwire kuponda dziko lino. Akhala nafe milungu itatu kuno ku Kraaifontein. Za Table Mountain ndi kunyanja tapangana kale, koma mayi a kunyumba akuumirira kuti tsiku limodzi tikawaonetse ku Franschhoek. Ine ndinangodutsako kamodzi usiku pagalimoto ya kuntchito, sindinaone kanthu. Vuto ndi lakuti aliyense amene ndamufunsa akungondiuza za kulawa vinyo. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo ku CCAP kwa zaka zoposa 30, mowa sanaulawepo, ndipo pamalo pomwe anthu akumwa sakhalapo. Mayi miyendo imawavuta, sayenda mtunda wautali. Tilinso ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5. Kodi kuli choti munthu wosamwa angakachite kumeneko, kapena tingotaya mafuta pachabe? Amene mumakhala kapena kugwira ntchito cha kumeneko ndithandizeni.

Dalaivala_R45
Zochita zilipo zambiri amwene, musadandaule. Kuchokera ku Kraaifontein sipafika ndi ola. Lowani N1 kulowera ku Paarl, kenako R45 ikakufikitsani mpakana pamsewu waukulu wa tauniyo, Huguenot Road. Nyamukani 6 koloko. Febuluwale kumeneko dzuwa limaswa mtengo.

MnyamataWaLangrug
Ndalama zanu zikupwetekani eti? Franschhoek ndi ya azungu ndi alendo a madola. Ife timakhala konkuno, tikudziwa. Apititseni ku Strand akaone nyanja, basi.

NaphiriWaKuPaarl
@MnyamataWaLangrug musawagwetse ulesi achimwene athuwa. Mapiri aja alibe mwini, amaonedwa ndi aliyense amene ali ndi maso. Ine ndagwira ntchito m'khitchini ya nyumba ina yogona alendo kumeneko zaka 6, ndipo mayi anga atabwera chaka chatha ndinawatengera komweko. Iwonso samwa, ndi a Chigwirizano, koma mpaka lero nkhani yake sinathe kumudzi. @MwanaWaKuNkhoma mukafika, imikani galimoto pafupi ndi tchalitchi choyera cha Dutch Reformed chomwe chili pamsewu waukulu. Ngati ndi Loweruka pabwalo lake pamakhala kamsika, pali mthunzi ndi pokhala, mayi atha kupumulirapo inu mukuzungulira ndi ana.

AphunzitsiAkale
Mwana wanga, ngati bambo ako ndi mkulu wa mpingo wa Sinodi ya Nkhoma, ndiye kuti iwe ndi amene uli ndi chifukwa chachikulu chopitira kumeneko kuposa anzako okalawa vinyowo. Ndilole ndifotokoze pang'ono.

Dzina loti Franschhoek limatanthauza kuti ngodya ya Afalansa. M'chaka cha 1685 mfumu ya ku France inafafaniza lamulo lomwe linkateteza Akhristu a Chipulotesitanti, aja ankatchedwa Huguenots. Ambiri anathawira ku Holland, ndipo kuyambira 1688 ena mwa iwo, anthu pafupifupi 200, anafika kuno ku Cape. Bwanamkubwa Simon van der Stel ndiye anawagawira malo m'chigwa chimenechi. Kale kunkatchedwa Olifantshoek chifukwa kunkabwera njovu. Ndi chifukwa chake mafamu ake ali ndi mayina a Chifalansa monga La Motte ndi Cabrière, ndipo mayina a mabanja monga Du Toit, De Villiers, Le Roux ndi Joubert anachokera kwa anthu omwewa.

Kumapeto kwa Huguenot Road, pomwe msewu umakhotera kuphiri, pali chipilala chowakumbukira chomwe chinatsegulidwa mu 1948. Pali chiboliboli cha mayi ataimirira pamwamba pa dziko, dzanja lina wagwira Baibulo, lina wagwira unyolo woduka. Kumbuyo kwake kuli zipata zitatu zazitali zoimira Utatu Woyera, pamwamba pake pali mtanda. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zawo zakale. Malowo ndi athyathyathya, mayi sakavutika.

Tsono pamene pakukhudza bambo ako ndi apa. Ana a anthu amenewa analowa mu mpingo wa Dutch Reformed, ndipo mpingo womwewo wa kuno ku Cape ndi umene unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok kukakhazikitsa mishoni ku Mvera mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Nkhoma inabwera pambuyo, mu 1896. Buku Lopatulika lomwe bambo ako amawerenga, ntchito yolimasulira anaitsogolera ndi W.H. Murray wa banja lomwelo. Ukawauza kuti tchalitchi chomwe aimapocho ndi cha mpingo womwe unabereka Nkhoma, udzaona mmene nkhope yawo isinthire.

MwanaWaKuNkhoma
Aphunzitsi, mwandigwira mtima. Bambo nkhani ya Mvera amaikamba kawirikawiri koma ine sindinaganizepo kuti anthuwo anachokera pakhomo pangapa. Zikomo kwambiri.

MnyamataWaLangrug
Aphunzitsi mwakamba za othawa nkhondo a ku France. Nanga amene analima mindayo bwanji simunawatchule? Chiboliboli chagwira unyolo woduka, koma eniakewo atafika kuno anamanga anthu ena unyolo.

AphunzitsiAkale
Wanena zoona mphwanga, ndipo sindikukana. Malowo anali odyetserako ziweto a mtundu wa Khoikhoi asanalandidwe. Amene anakumba minda, kumanga nyumba zoyera zija ndi kuponda mphesa anali akapolo ochokera ku Madagascar, ku India, ku Indonesia, ndiponso ku Mozambique. Ukapolo unathetsedwa mu 1834 koma anthu anamasuka kwenikweni mu 1838. Amene akufuna kuona mbali imeneyi adutse ku Pniel, kamudzi kamene kali pamsewu wa R310 wochokera ku Stellenbosch kudzera pa Helshoogte. Kanayamba mu 1843 ngati mishoni ya akapolo omasulidwa, ndipo zidzukulu zawo zikadali pomwepo. Dzinalo ndi la m'Baibulo, pamalo paja Yakobo analimbana ndi mngelo. Ndikanakhala ine ndikanawaonetsa bambowo zonse ziwiri tsiku limodzi, Pniel ndi chipilala chija.

MlimiWaMpesa
Ndakhala ndikungowerenga, koma poti mwakamba za olima, ndiloleni nanenso ndiyankhulepo. Ine ndili pafamu ina m'chigwa chomwecho, chaka chino ndi chachisanu ndi chitatu. Nthawi imene makolo anu akubwerayo ndiye pachimake pokolola. Timayamba chakumapeto kwa Januwale ndi mphesa zoyera, zofiira zimatsatira mpaka Malichi, mafamu ena kufika mu Epulo. Timalowa m'munda kusanache chifukwa mphesa zikatenthedwa ndi dzuwa zimayamba kuwonongeka zisanafike kosindikira. Munthu umawerama mzere wonse ndi kasizasi kako, tsango ndi tsango, kuponya m'kireti, kireti likadzadza paphewa mpaka pathirakitala. Pofika 10 koloko manja amakhala akumata ndi madzi a mphesa, njuchi zili yakaliyakali kukuzungulira, malaya atanyoweratu.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti zaka zonsezi sindinakhalepo pampando uliwonse wa kutsogolo kwa famu yomwe ndimagwirayo. Timalowera geti la kumbuyo, timatulukira geti la kumbuyo. Tsiku lina ndinatumidwa kukasiya makireti pafupi ndi pomwe alendo amakhala, kapitawo anandiuza kuti ndifulumire ndisaonekere. Sindinaiwale.

Koma sindikugwirizana ndi mnzanga wa ku Langrug kuti ndiye musapite. Pitani. Mukawaonetse mayi mtengo wa mpesa. Kwathu timangoumva m'tchalitchi, za mpesa ndi nthambi zake, za kudulira nthambi yosabala, koma ambiri sanauonepo ndi maso. Ine ndinamvetsa mawu amenewo nditagwira ntchito yodulira mu Julaye ndi Ogasiti, kukuzizira kuti zala kuuma. Timadula kwambiri moti mtengo umatsala chitsa chokhachokha, munthu nkumati waphedwa. Pofika Seputembala waphukira, ndipo umene unadulidwa bwino ndi umene umadzabala matsango olemera. Bambo anu akaona zimenezi adzakhala ndi ulaliki wa chaka chathunthu.

MayiAChisomo
@MlimiWaMpesa achimwene mwandiliza. Mulungu akupatseni mphamvu.

NaphiriWaKuPaarl
Za geti la kumbuyo ndi zoona, ifenso a kukhitchini ndi chimodzimodzi. Ndi chifukwa chake tsiku lija ndinapita ndi mayi ndinavala bwino, ndinalowera kutsogolo, ndinalipira ndi ndalama yanga. Amene anatilandira anali mtsikana wa ku Mangochi. Atamva mayi akundiyankhula Chichewa anangoti "Takulandirani amayi," mayi mpaka kumugwira dzanja osafuna kumusiya.

MnyamataWaLangrug
Asisi ine sindikukana kuti ndi kokongola. Ndimadzuka m'mawa uliwonse mapiri omwewo ali pamaso panga. Koma mlendo akamachoka amangodziwa Huguenot Road ndi maluwa ake. Asanalowe m'tauni, kumanzere kuli Groendal, ndipo pamwamba pake m'mbali mwa phiri ndi kwathu ku Langrug, nyumba za malata zothithikana. Amene amachapa mbale, kutchetcha kapinga ndi kulondera usiku ambiri amagona kumeneko. Madala akamadzapita kumudzi asakanene kuti ana athu ku Joni akukhala ku paradaiso. Ndi nkhani zotere zomwe zimachititsa kuti achinyamata agulitse njinga ndi mbuzi nkubwera kudzavutika.

MwanaWaKuNkhoma
Ndakumvani amwene. Bambo anga si munthu wobisiridwa zinthu. Mkulu wawo anapita ku migodi pa Wenela kalelo, anabwerako ndi wailesi ndi chifuwa. Amadziwa kuti Joni ili ndi nkhope ziwiri. Ndidzawalozera.

Kaphirintiwa
Inu nonse mukukamba za pansi, ine ndikambe za kumwamba. Mukachoka pachipilala chija musabwerere. Pitirirani ndi R45 kukwera Franschhoek Pass. Msewuwo ndi wokhotakhota koma ndi wa tala wabwino, ndipo pali malo oimikapo galimoto pomwe chigwa chonse chimaoneka pansi panu, minda ya mpesa ili ndandanda ngati mizere ya fodya, madamu ang'onoang'ono akunyezimira, tauni ikuoneka kadontho. Mayi sakafunika kuyenda, atha kuonera ali pafupi ndi galimoto. Njira imeneyi inatsata mkwaso wa njovu, ndipo asilikali a Britain anaimaliza mu 1825. Mukatsikira mbali inayo mupeza kamlatho kamiyala kotchedwa Jan Joubertsgat ka nthawi yomweyo, magalimoto akudutsabe pamenepo mpaka lero.

Pamwamba penipeni pali geti la Mont Rochelle Nature Reserve. Pamafunika chilolezo cholipira. Njira ya Uitkyk ndi yomwe ndimatengerako anthu oyamba kumene, kupita ndi kubwera ndi maola awiri kapena atatu, ndipo kumapeto kwake mumaona damu la Wemmershoek lili phee pakati pa mapiri. Mwana wa zaka 9 atha kukwanitsa, wa zaka 5 mudzamubereka pobwerera. Perdekop ndiye nsonga yayitali, mamita 1,575, imeneyo ndi ya tsiku lonse, musaiyerekeze ndi makolo. Amene anakwerapo Sapitwa ya mamita 3,002 angaiderere, koma kusiyana kwake ndi kwakuti kuno kulibe mthunzi. Ndi tchire lalifupi lija amati fynbos, mitengo ya protea ndi miyala basi. Dzuwa limakumenya kuyambira poyambira mpaka pomalizira.

Dalaivala_R45
Pa Pass paja samalani anyani. Mawindo otseka, chakudya chobisa, ndipo ana asawaponyere kanthu. Anyani a kumeneko amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto.

MayiAChisomo
Zoona zimenezo! Ife anatilanda jumbo yonse ya mandasi mwana ataigwira m'manja. Mwana analira mpaka ku Villiersdorp.

Kaphirintiwa
Komanso pansi muziyang'ana. Mphiri imakonda kuwothera dzuwa panjira ndipo sithawa ngati njoka zina. Nsapato zotseka, osati mapatapata. Madzi munthu aliyense botolo lake lalikulu. Ndipo moto ayi ndithu, ngakhale ndudu. Nyengo imeneyo tchire limakhala louma, mphepo ya kummwera chakummawa ikawomba moto umathamanga kuposa munthu.

ZaKwathu265
Pepani ndalowerera. @MwanaWaKuNkhoma makolowo akubwera pabasi kapena pandege? Ngati ndi pabasi mwina angandinyamulireko kausipa ndi ufa woyera pang'ono, mlongo wanga atha kukawapatsira ku Lilongwe. Ufa wa m'mashopu muno nsima yake siifika pamtima.

NaphiriWaKuPaarl
Inenso nandolo ndi chigwada chouma!

MwanaWaKuNkhoma
Akubwera pandege kudzera ku Johannesburg, ndipo mayi adzadza kale chikwama ndi mtedza ndi ufa wa adzukulu. Pepani abale, ulendo uno sizitheka.

Dalaivala_R45
Ndipo musamasenzetse okalamba katundu wa eni. Pachipata akafunsidwa kuti muli chiyani umu amasowa choyankha. Onetsetsaninso masiku omwe awadindira m'pasipoti, a Malawi amapatsidwa 30, musawapyoletse.

ZaKwathu265
Ndamva akulu, palibe chovuta.

Chimwemwe_Stellies
Tibwerere ku nkhani. Bwanji palibe amene watchula Wine Tram? Ana angakondwe kwambiri. Ndi kasitima kotseguka m'mbali komwe kamayenda panjanji yakale ya mu 1904, kuphatikiza ndi mabasi ake, kumazungulira m'mafamu. Kanayamba mu 2012. Njira zake amazitchula ndi mitundu, ya buluu, yofiira ndi zina, umatsika pomwe wafuna nkudzakweranso ina ikamadutsa. Kulawa vinyo umalipira padera pafamupo, ndiye wosamwa sakakamizidwa. Kungoti gulani matikiti pa intaneti nthawi ikadalipo, nyengo imeneyo kumadzadza.

NaphiriWaKuPaarl
Ayi asisi, kwa bambo awa sindikuvomereza. M'mawa zimakhala bwino, koma pofika masana anthu a m'kasitimako amakhala atadutsa mafamu atatu anayi, phokoso, kuimba, ena kuvala kosalongosoka. Mkulu wa mpingo adzangokhala chete ulendo wonse ndipo pobwerera adzafunsa mwana wake kuti wanditengera kuti kuno. Galimoto ali nayo, ayende paokha.

Chimwemwe_Stellies
Mwina mukunena zoona. Koma ana aja akangokaona kakudutsa adzalira.

MbaleWaKuZomba
Koma inu a CCAP mumadabwitsa. Ku Kana Ambuye anasandutsa madzi kukhala chiyani? Ndipo azungu omwe anakubweretserani mpingowo ndi omwewa a minda ya mpesa.

MayiAChisomo
Musayambe zimenezo. Munthu wapempha malo okaona, sanapemphe mtsutso wa Baibulo.

MlimiWaMpesa
@MbaleWaKuZomba ine ndimalima mphesa koma sindimwa, ndipo si chifukwa cha mpingo. Kale m'mafamu muno antchito ankalipidwa mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, ankati dop, kapu m'mawa, kapu masana, kapu poweruka. Lamulo linaletsa, koma chilonda chake chikadalipo. Ndimagwira ntchito ndi anthu omwe agogo awo analeredwa motero, ndipo Lachisanu likafika ndimaona ndi maso anga mmene mabanja amapasukira. Ana ena amabadwa atavulala kale chifukwa mayi ankamwa ali oyembekezera. Ndiye bambo amene wasankha kusamwa musamuseke.

MbaleWaKuZomba
Sindimaseka achimwene. Koma ndamva, pepani.

Woyang'aniraGulu
Zikomo pomvana. Nkhani ya mowa ndi mipingo ithere pomwepa, tithandize mnzathuyu.

GogoWaBellville
Ana inu mwaiwala malo amodzi, ndipo kwa ine ndi oposa onse. Pamsewu wa R301, pakati pa Paarl ndi Franschhoek, pali ndende yomwe lero amati Drakenstein. Kale inali Victor Verster. Ndi pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, atakhala m'ndende zaka 27. Ambiri amaganiza kuti anatulukira ku Robben Island, ayi. Anamusamutsira kumeneku mu Disembala 1988, ankakhala m'nyumba ya mkati mwa mpandawo, ndipo tsikulo anatuluka pageti wapansi atagwirana dzanja ndi mkazi wake Winnie. Panja pa getilo pali chiboliboli chake atakweza chibakera. Palibe cholipira, mumangoima pambali pa msewu nkujambulitsa. Koma kumbukirani kuti ndi ndende yogwira ntchito mpaka pano, musaloze kamera kwa alonda kapena mkati.

Ine tsiku limenelo ndinali ku Ndirande. Kwathu kunalibe wailesi ya kanema nthawi imeneyo, tinamvera pa wailesi ya mawu, motsitsa, chifukwa masiku amenewo munthu sunkadziwa amene akukumvetsera. Nditafika pageti lija koyamba ndinaima nthawi yaitali osayankhula. Bambo ako ndi a msinkhu wanga, adzamva chimene ndikunena.

MwanaWaKuNkhoma
Agogo, apa ndiye poyambira. Ndikuganiza zotere: tinyamuke 6, tiime pa ndendepo kukadali kozizira, kenako tchalitchi ndi chipilala, kukwera Pass, masana tipeze pokhala, pobwerera tidzere ku Pniel ndi Helshoogte mpaka Stellenbosch. Funso latsala ndi la chakudya. Mitengo ya m'malesitilanti a kumeneko ndamva kuti ndi yoopsa, ndipo bambo akapanda kudya chakudya chokhazikika m'mimba amati sanadye. Tingatenge kamba wathu nkukayala mkeka pafamu ina?

NaphiriWaKuPaarl
Pafamu ayi. Mafamu ambiri salola chakudya chochokera kunja. Ku Boschendal kuli pikiniki pansi pa mitengo, malo abwino kwabasi, famu yakalekale ya mu 1685, koma dengu la chakudya mumagula lawo ndipo mumayenera kulembetseratu. Ngati thumba silikulola, phikani mpunga ndi nkhuku kunyumba, mukadyere kumtunda mutatseka zitseko chifukwa cha anyani aja, kapena tsikirani mbali ya damu la Theewaterskloof. Ana muwagulire ayisikilimu m'tauni, aiwala za kasitima.

Kaphirintiwa
Theewaterskloof ndi damu lalikulu pa onse omwe amamwetsa Cape Town. Amene munali kuno mu 2018 nthawi ya Day Zero, chilala chija madzi atatsala pang'ono kutheratu mumzinda, mukukumbuka, tikusamba ndi kabeseni, malita 50 pa munthu patsiku. Ndinapitako chaka chimenecho, linali mchenga ndi zitsa za mitengo yakufa, fumbi likuuluka pomwe panali madzi. Kufupi ndi tauni kulinso Berg River Dam, anthu amakayenda wapansi ndi panjinga, koma mthunzi ndi wosowa, kwa mayi masana sikungakhale bwino.

Chimwemwe_Stellies
Mayi ngati amakonda za kudimba apititseni ku Babylonstoren, cha ku Simondium. Pakhomo mumalipira, koma mkatimo ndi dimba lalikulu la zipatso, ndiwo zamasamba ndi zitsamba zamankhwala, madzi akuyenda m'tingalande, abakha ndi nkhuku zili balalabalala. Za vinyo zili mbali ina, simukumana nazo mukapanda kuzifuna. Mipando yopumulira ilipo yambiri. Azakhali anga anathera maola awiri pa maungu pokha.

Dalaivala_R45
Zonsezi tsiku limodzi simungathe. Sankhani. Okalamba akatopa saona kanthu. Ndipo pobwerera madzulo a Loweruka muziyenda mosamala, pamsewu pamakhala ena amene alawa kwambiri.

MnyamataWaLangrug
Mukadzafika mundiuze. Loweruka ndimaweruka 1 koloko. Ndidzabwera kudzawapatsa moni madala, ndiwaonetse pomwe timakhala ngati angafune.

MwanaWaKuNkhoma
Abale ndabweranso, tinapita dzulo. Ndati ndikuuzeni mmene zinayendera poti munatithandiza.

Pa ndende paja tinafika cha m'ma 7. Bambo anavula chipewa asanatsike ndi m'galimoto momwe. Anazungulira chiboliboli chija kawiri, kenako anaitana mdzukulu wawo wamkulu nkuyamba kumufotokozera okha, ine osawonjezerapo kanthu. Pa tchalitchi ndinawauza zonse zomwe Aphunzitsi analemba. Anagwira khoma ndi chikhatho, natifunsa ngati tingapemphere pomwepo, ndipo tinapemphera pabwalo anthu akudutsa. Pa Pass mayi anakana kutsika poyamba, ankaopa phompho, koma atatsika anakhala pamwala nkumaloza minda kuti koma anthuwa mizere amaiwongola ndi chingwe. Anyani tinawaona atatu, sanatiyandikire. Ku Babylonstoren ndi ku damu sitinafike, a Dalaivala munanena zoona, pofika 2 koloko mayi anali atatheratu. Pniel tinangodutsa pang'onopang'ono, tinaima pa tchalitchi chake mphindi zochepa.

Chimene sitinakonzekere ndi ichi. Tikulowa m'chigwa m'mawa tinaona anthu akukolola pafupi ndi msewu, mayi anati imika ndione mtengowo. Tili chiimire kunja kwa waya, mayi akuuza bambo kuti taonani masamba ake, mnyamata wina wa kireti paphewa anatembenuka nkuti "Mwadzuka bwanji amayi?" Wa ku Ntcheu. Anatula kireti, anapukuta manja pa ovolosi, nagwada pang'ono popereka moni kudzera pawaya. Mayi anamufunsa za kwawo, za makolo ake, kuti anapita liti kumudzi komaliza. Anati zaka 4 zapitazo. Sanachedwe, anathamangira mzere wake. Mayi sanayankhule mpaka tinafika m'tauni, kenako anandifunsa kuti kodi ana amenewa amadya nthawi yanji.

@MnyamataWaLangrug zikomo pobwera, ndi potikwezera kwanu. Bambo akuti uwapatse moni anzako aja munawadyetsa nawo nsima, ndipo akuti ndiwo zija anapatsa mkazi wa mnzako ndi chigwada cha ku Nkhoma, asachiphike ndi soda wambiri.

MnyamataWaLangrug
Ndawauza. Madala aja anakwera mpaka pamwamba osapuma, ife achinyamata tikuwefuka. Adzabwerenso asanapite.

GogoWaBellville
Chipewa chija ndinadziwa kuti avula.

MlimiWaMpesa
Mnyamata wa ku Ntcheu wa pafupi ndi msewu ndikumudziwa, timapemphera limodzi. Anatiuza dzulo madzulo kuti wakumana ndi mayi ofanana ndi mayi ake. Ife tikumaliza zofiira sabata ya mawa. @Kaphirintiwa mukadzakonza ulendo wa ku Uitkyk mu Epulo mundiwerengere, zaka 8 phiri limeneli ndimangoliona ndili m'munda.

Kaphirintiwa
Ndakulembani. Loweruka lachiwiri la Epulo, tikumane pachipilala 6:30. Amene alibe galimoto anene msanga, yanga imatenga anthu anayi.